Nkhwangwa ya Agogo

Munthu akakongoletsa chida amakhala akunena kanthu, ndipo anthu a ku China anazindikira zimenezi kalekale. Ku Anyang, likulu la mafumu a Shang zaka zoposa 3,000 zapitazo, akuluakulu ankaikidwa m'manda pamodzi ndi magaleta, akavalo ndi zida za mkuwa wosakaniza ndi tini. Mu 1965 ku Hubei anafukula lupanga la Mfumu Goujian lolembedwa dzina la mwini wake, lili phuliphuli ngati losulidwa dzulo. Mu 1980, pafupi ndi manda a Qin Shi Huang ku Xi'an, anapeza magaleta awiri a mkuwa okongoletsedwa ndi golide ndi siliva. Lero anthu amalipira ndalama kuti akazione.

Nafenso sitinali amanja lende. Ku Mankhamba m'boma la Dedza, likulu lakale la Amaravi, Yusuf Juwayeyi anafukula zinthu za mkuwa, minyanga ya njovu, mikanda, ngakhalenso zidutswa za mbale zochokera ku China komweko. Makolo athu ankadziwa chokoma m'maso.

Agogo anga atabwera kudzakhala nafe ku Ndirande kuchokera ku Ntcheu, anadza ndi kankhwangwa kawo. Mpini wake unali wokulungidwa waya wa mkuwa, chitsulo chake chili ndi timizere tosemedwa mwaluso. Sinkawaza nkhuni nkhwangwa imeneyi. Ankaikoleka paphewa popita ku milandu, ndipo anthu akaiona ankadziwa kuti kwabwera mkulu.

Patatha chaka agogo atatisiya, ine ndili ku ofesi, kunadutsa anyamata ogula zitsulo zakutha. Ana pakhomo anatola mbaula yobooka, mafelemu a njinga, n'kuphatikizapo nkhwangwa ija. Inayezedwa pasikelo pamodzi ndi zinazo. Ndalama zake zinathera pa mandasi.

Anawo sindiwada. Kodi akanadziwa bwanji mtengo wa chinthu chimene kusukulu sachitchula, m'buku sachijambula? Lupanga la Goujian linasungidwa ndi nthaka, kenaka ndi anthu odziwa kuti ndi mbiri yawo. Zathu zikuthera m'ng'anjo.

M'nyumba zambiri ku Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri mukadali mikondo, zibonga ndi makoza a makolo, zili kuseri kwa chitseko. Abale anga, zitulutseni, muwauze ana mwini wake anali yani. Zikakukanikani kusunga, nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri si patali.