Geti la rimoti limafuna tsache

Akonzi,

Nyumba za mipanda zikuchuluka kuno ku Mpingu, m'mbali mwa msewu wa M12 wopita ku Mchinji, ndipo ena mwa eni ake akuikitsa mageti otseguka ndi rimoti. Ine ndakhala mlonda pa geti lotere kwa zaka 4. Chomwe ndaona n'chakuti kawirikawiri geti likakana vuto silikhala mota ayi, koma kusowa chisamaliro.

Geti limayenda pa kanjanji kachitsulo. Mu September ndi October fumbi ndi timiyala zimadzaza pamenepo, ndipo mvula ikayamba pamakhala matope. Mota imakoka movutika mpaka geti kuima pakati. Mankhwala ake ndi tsache. Ine ndimasesa kanjanjiko m'mawa uliwonse ndisanaweruke. Girizi sindipaka pa njanji kapena pa mano a geti, chifukwa amagwira mchenga n'kumadya chitsulo.

Chachiwiri ndi batire. Mota zambiri, monga za Centurion zochokera ku South Africa, zili ndi batire ya 12V mkati, yomwe imayendetsa geti magetsi a ESCOM akazima. Magetsi akamazimazima, batireyi siichedwa kutopa. Kamodzi pamwezi ndimazimitsa dala magetsi a pageti n'kudina rimoti. Likamayenda mokwawa, ndimauza bwana kuti agule batire ina usiku usanawagwere. Nako kabatire ka mu rimoti kamatha. Mukaona kuti geti likumva pokhapokha mwafika pafupi, sinthani.

M'kabokosi ka mota mumafunda, choncho nyerere ndi nalimata zimakonda kukhalamo n'kuwononga mawaya. Muzisuzumiramo mutazimitsa magetsi, ndipo udzu wozungulira muzilambula.

Koma chachikulu ndi moyo wa ana. Geti lachitsulo ndi lolemera, ndipo mwana sangaliimitse. Ngati lili ndi timaso toona chotchinga, tipukuteni ndi kansalu kouma. Kenako ikani chidebe panjira pake n'kulitseka. Likafinya chidebecho osaima kapena kubwerera, itanani wokonza tsiku lomwelo.

Pempho langa likupita kwa mabwana. Mota iliyonse ili ndi potsekula ndi kiyi kuti geti likankhidwe ndi manja. Ena amasunga kiyiyo m'chipinda chogona, pomwe mlonda sakudziwa n'komwe kuti iliko. Tsiku lomwe batire idzafe, mudzakhala m'galimoto kunja kwa mpanda wanu womwe, mumdima, kuliza hutala kwa munthu amene alibe chochita. Akuba amakonda mphindi zoterozo.

Munatikhulupirira ndi nyumba yonse, tikhulupirireninso ndi kakiyi kameneka, ndipo mutiphunzitse kagwiritsidwe kake kunja kukuwala.

Mlonda,
Mpingu, Lilongwe