Nyanja Yosayankha

Munthu akafika kucilendo, cinenero ndi kumkanika, amaloza pakamwa, ndipo eni mudzi amadziwa kuti mlendo ali ndi njala. Amamvana cifukwa onsewo njala anaimvapo. Nanga mlendoyo akakhala wopanda pakamwa, wopanda manja, wosabadwa mwa mai? Funso limeneli ndilo linasautsa Stanisław Lem, mlembi wa ku Poland, amene anatulutsa buku lace la Solaris m'caka ca 1961.

Solaris ndilo dziko longopeka, lakutali m'mlengalenga, lozungulira madzuwa awiri. Pafupifupi dziko lonselo lakutidwa ndi nyanja imodzi, imene ioneka kuti iri yamoyo, ndiponso yoganiza. Kwa zaka zambirimbiri anthu ophunzira anaiyesa nyanjayo, napatsa maina zinthu zazikulu zimene imaumba ndi kugumulanso, nalemba mabuku odzaza cipinda. Koma mabukuwo, kunena zoona, afotokoza bwino alembi ace ndi mikangano yao koposa nyanja.

Tsono Kris Kelvin, katswiri wa za maganizo a anthu, anafika pa nyumba youluka imene ophunzirawo anali kukhalamo pamwamba pa nyanjayo. Anapeza mnzace Gibarian atadzipha, ndi otsala awiri, Snaut ndi Sartorius, alikubisa kanthu. Iwowa anali atalasa nyanja ndi mphamvu ya X-ray kuti kapena ingayankhe. Podzuka kutulo, Kelvin anaona Harey atakhala pafupi ndi kama wace, wokondedwa wace amene anadzipha zaka 10 zapitazo, iye atamsiya pa mkangano. Sanali mzukwa ai. Nyanja inamuumba pomtenga m'cikumbukiro ca Kelvin, osaiwala ngakhale cipsera ca jekeseni pa mkono. Koma diresi lace linalibe pomasulira, mabatani anali ongokometsera cabe. Maonekedwe a batani inawadziwa, nchito yace osaidziwa.

Kodi imeneyi inali mphatso, cilango, kapena funso? Kodi nyanja inazindikira n'komwe kuti yatukula cironda ca munthu? Lem anakana kumasulira, ndipo anacita bwino. Harey, atadziwa cimene iye anali, anapempha Snaut kuti amthandize kuzimirira, ndipo zinatero.

Pambuyo pace Kelvin anatsikira pa kacisumbu, natambasulira funde dzanja lace. Funde linakwera, linakuta dzanjalo osalikhudza, kenaka linabwerera. Anayesanso kangapo, kufikira funde linaleka kumsamala.