Chosaoneka Amachiyeza Bwanji?

Chaka chamawa tidzakhala tikuphunzitsa, mwina ku Kande kapena ku Usisya, ndipo funso ili likutidikira. Pakati pa mlalang'amba wathu pali dzenje lakuda, Sagittarius A*, lolemera ngati madzuwa 4 miliyoni. Mu 2002 Laura Ferrarese anapeza kuti maenje otere amakula molingana ndi dark matter yozinga mlalang'amba wawo. Mwina mphamvu yake yokoka imasonkhanitsa mpweya umene dzenjelo limameza. Akatswiri ena amatsutsa. Koma palibe anaionapo! Mwana wa Fomu 2 sangakhutire ndi "buku latero". Ife tidzayambira kwa bambo ake, amene amadziwa kumene madzi apansi akulowera pongoona mmene chilimira chikukokekera.