Galu wowonda si wachiwewe

Kuno ku Mulanje galu akawonda n'kuyamba kusosoka ubweya, anthu amathamangira kumugenda, ati ngwachiwewe. Chonsecho ambiri mwa agalu otere amakhala akungovutika ndi njala, nkhupakupa, mphere ndi njoka za m'mimba.

Chaka chatha ndinatenga agalu awiri omwe mwiniwake anawasiya posamuka pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Chitakale. Nthiti zinkachita kuwerengeka. Mlangizi wa ziweto anandichenjeza kuti galu wanjala sapatsidwa chakudya chambiri nthawi imodzi, amasanza. Ndinayamba ndi phala la mgaiwa lothira bonya wosinja, pang'onopang'ono, kanayi pa tsiku. Kenako anamwa mankhwala a njoka, tinawasambitsa dibi, n'kuwabayitsa katemera wa chiwewe. Patatha miyezi itatu ubweya unamera, ndipo lero ndiwo akuthamangitsa anyani m'munda mwanga wa chinanazi.

N'zoona, chiwewe chikaonekera sichichizika, choncho galu wosamudziwa musamugwire chisawawa. Itanani alangizi a ziweto. Koma kumbukirani kuti galu wotayidwa, wosabayitsa, ndi amene angadzalume mwana wanu panjira ya kusukulu. Kumudyetsa ndi kumubayitsa n'kuteteza mudzi wonse.