Owerenga anga ndimakumana nawo pamsika

Kulemba ndinaphunzirira kudziko la eni. Nkhondo itafika kwathu ku Tsangano m'zaka za m'ma 1980, amayi anandigwira padzanja n'kuwoloka nane malire kupita ku Ntcheu. Kumeneko aphunzitsi ena anandibwereka buku la Nthondo, lomwe Samuel Josia Ntara anatulutsa mu 1933. Ndinazizwa kuona kuti Chinyanja chimene tinkakuwizira nacho mbuzi kubusa chingagone m'buku. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, sitinachedwe kubwerera kumudzi. Katundu wanga anali kope ndi bolopeni.

Ntchito yoyamba inali ya makalata. Agogo ankabwera n'kukhala pamphasa amvekere, "Mwanawe, undilembere kwa mlongo wanga ku Harare." Pamenepo m'pamene ndinaphunzira kuti munthu sayamba ndi chimene wabwerera. Ayamba ndi mvula, abwere pa kachewere amene wapsa ndi chiwawu, atchule mbuzi yosowa, ndipo pothera penipeni, maso ali pansi, anene kuti mwana wamwalira. Wolemba wopupuluma amatseka kalata mawu enieni asanatuluke. Khutu ndilo limayamba ntchitoyi, dzanja limangotsatira.

Kenaka anthu anayamba kundiitana kumaliro kuti ndilembe mbiri ya malemu. Ndimapita usiku pasiwa, n'kukhala pambali ndi eni mbumba. Ndimafunsa chiwongo, kumene malemu anabadwira, kumene anathawira nthawi ya nkhondo, ana amene asiya. Tsiku lina ndinaiwala kutchula mayi wamkulu pabanja la mitala. Maliro atatha ndinanyamuka kukagwada pakhomo pawo kupepesa, ndipo misozi yawo ndimaikumbukira mpaka lero. Kuyambira pamenepo sindiwerenga mbiri pagulu ndisanaiwerengere abale awiri kapena atatu paokha.

Masiku ano ndimalemba nthano zakezake, za alimi a fodya a ku Macanga, za atsikana okwatiwa akadali pasukulu, za anyamata opita ku Joni. Ndimayamba m'kope. Mawu ndimawasankha ngati momwe alimi a ku Furancungo amasankhira fodya: tsamba lililonse aligwire, aliyang'ane pakuwala, losayenera alitaye ngakhale linawakhetsa thukuta. Ndikatha ndimawerengera mayi a kunyumba mokweza. Akafunsa kuti, "Bambo, pamenepo mukuti chiyani?" ndimadziwa kuti chiganizocho n'chopunduka. Ndikakonza ndimalemba pafoni usiku n'kutumiza pa WhatsApp, ndipo pofika m'mawa nthano yafika ku Ulongwe, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Ndimasamalanso kalembedwe, pakuti kuno ku Mozambique ana amaphunzira kulemba "Cinyanja" pomwe anzathu a ku Malawi amalemba "Chinyanja", ndipo onsewo ndi anthu anga.

Ku Furancungo komweko mphunzitsi wina wachinyamata anandifunsa mwaulemu, "Achimwene, mumati ndinu mlembi, nanga buku lanu lili kuti?" Kwa iye mlembi weniweni ndi amene amalemba Chipwitikizi, wasindikiza ku Maputo, ndipo dzina lake lili m'bungwe la alembi la AEMO, lomwe linakhazikitsidwa mu 1982. Alembi amenewo ndimawalemekeza ndi mtima wonse, ndipo buku ndimalilakalaka, chifukwa foni ikagwera m'madzi nthano zimapita nazo, pomwe Nthondo akadali moyo. Koma ndinamukumbutsa za Paulina Chiziane, mayi woyamba kusindikiza buku la nthano yaitali m'dziko muno, mu 1990, amene analandira mphoto ya Camões mu 2021. Mayi ameneyu amakonda kudzitchula wofotokoza nthano, ngati agogo athu a pamoto madzulo.

Maputo ali kutali makilomita oposa 1,500, ndipo agogo ondituma makalata aja Chipwitikizi sachimva. Ndikanati ndidikire osindikiza mabuku, mlongo wa ku Harare sakanamva za maliro a mwana.

Ine muyeso wanga ndi uwu: kodi umabwerera ku ntchitoyi tsiku ndi tsiku, umafufuta zimene walakwa, ndipo ungaime pamaso pa amene wawalemba osachita manyazi? Owerenga anga ndimakumana nawo pamsika. Sabata yatha mayi wina wogulitsa kachewere anandigwira malaya n'kunena kuti, "Alamu, mtsikana wa m'nthano uja musamukwatitse, abwerere kusukulu." Ndinapita kunyumba n'kutsegula kope, chifukwa mayiyo akudikira.