Wophika ndi Wosonkhezera Moto

Kumapeto kwa Novembala 1987, zipatala za mumzinda wa Montreal ku Canada zidayamba kulandira odwala achilendo. Ankafika akusanza, m'mimba mukupota, mutu ukuwawa ngati wina akukonolamo mphale. Izo madokotala adazizolowera. Chomwe chidawaimitsa mitu n'chakuti ena mwa odwalawo, kusanza kutaleka, sankathanso kusunga chatsopano chilichonse m'mutu. Dzina lawo ankalidziwa, kwawo ankakukumbukira, koma ukawauza mawu tsopano lino n'kutuluka panja, pobwera unkapeza mawu aja atauluka. Onsewo adali atadya nkhono za m'nyanja ya mchere, zija za zigoba ziwiri, zowetedwa ku Cardigan, kum'mawa kwa chilumba cha Prince Edward. Odwala adakwana 107, ndipo atatu adatsikira kulichete.

Mwina muzifunsa kuti kodi iwe, mwana wa dziko lopanda nyanja ya mchere, woleredwa ndi usipa ndi matemba, nkhono za kutsidya zikukukhudza pati? Zikundikhudza pa agogo anga akuchikazi. M'zaka zawo zomaliza ankatha kudya nsima, n'kusamba m'manja, kenaka n'kundifunsa, "Kodi mdzukulu wanga, lero tigona ndi njala?" Komatu ukangoputa nkhani ya njala ya 1949, ankaifotokoza yonse osaphonya, mpaka mitundu ya mizu yomwe adakumba kuthengo. Awo udali ukalamba chabe, nkhono sadazilawepo. Tsono nditawerenga kuti kuli chakudya choti munthu wanzeru zake n'kudya madzulo amodzi, m'mawa n'kudzuka ali ngati agogo aja, thupi lidachita tsembwe. Ine ndimadyera cholembera, ndipo katundu wanga yense ndi zomwe ndamva dzulo ndi dzana.

Akatswiri a boma mumzinda wa Halifax adagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo sabata isadathe adaupeza ululuwo. Dzina lake ndi domoic acid. Sudali wachilendo kwenikweni, pakuti asayansi a ku Japan adali ataupeza kale m'zaka za m'ma 1950 mu ndere ina yofiira, yomwe anthu a pazilumba za kumwera kwa dzikolo ankamwetsa ana kuti aphe njoka za m'mimba. Mu ubongo mwathu minyewa imatumizirana uthenga kudzera mwa mthenga wotchedwa glutamate. Ululuwu udafanana naye nkhope mthengayo, choncho umafika pakhomo pa mnyewa n'kugogoda, koma iwo suchoka ayi. Umangogogodabe, mnyewa n'kumangoyankha mpaka kufa n'kutopa. Malo omwe amavulala kwambiri ndi hippocampus, pomwe zatsopano zimakonzedwera zisadalowe m'nkhokwe. Chimanga chakale chimatsala m'nkhokwemo bwinobwino, koma chatsopano chimathera pabwalo. Ndipo musaganize kuti moto ungathandize: kuphika sikuupha ululuwu.

Nkhono zija zidalibe mlandu. Ntchito yake n'kusefa madzi basi, ndipo m'madzimo mudadzaza kandere kosaoneka ndi maso kotchedwa Pseudo-nitzschia multiseries. Pa maikulosikopu kamaoneka ngati singano, kali m'chigoba chake changati galasi, ndipo timalumikizana nsonga ndi nsonga ngati ana osewera sitima. Banja la ndere zamagalasizi si la zigawenga ayi: mwa mpweya wabwino womwe zomera zonse za padziko zimatulutsa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu limachokera kwa izo. Koma mwana mmodziyu ndiye adagwidwa, ndipo anthu akadatha kunena kuti mlandu watha.

Apa ndiye pomwe nkhaniyi idandigwira mtima. Katswiri wina wa za ndere mumzinda wa Moncton, Stephen Bates, pamodzi ndi anzake adatenga kandere kaja n'kukasambitsa ndi mankhwala opha mabakiteriya, kuti katsale kokhakokha m'botolo. Kadapitiriza kukula, koma ululu wake udachepa kwambiri. Atabwezeramo mabakiteriya, ululu udakwera kangapo konse. Izi adazifalitsa mu 1995. Taganizani, abale anga: mkaidi yemwe ali yekha m'selo n'kukhala wofatsa ngati nkhosa, koma anzake akangolowa, mano panja.

Kodi anzakewo n'ndani? Kandere kalikonse m'nyanja kamayenda kazunguliridwa ndi tizilombo tomwe timadya zokhetsa zake, monga amachitira ana pomwe mayi akukazinga zitumbuwa. Ndipo sitidya ulere. Mu 2005 asayansi a ku Cambridge adasonyeza kuti pafupifupi theka la mitundu ya ndere yomwe adaifufuza imafuna vitamini B12, yomwe ndere sizitha kudzipangira. Amapanga ndi mabakiteriya. Mu 2015 Shady Amin ndi Virginia Armbrust a pa yunivesite ya Washington, mumzinda wa Seattle, adatsata malonda a pakati pa kandere ka ku Cardigan komweka ndi bakiteriya wotchedwa Sulfitobacter. Kandere kamapereka tryptophan. Bakiteriya amamusandutsa mankhwala okulitsa, omwewo amene amachititsa kuti phesi la chimanga liweramire kudzuwa, n'kubweza kwa kandere kuti kaswane msanga. Amaperekanso mchere wofanana ndi wa mufeteleza, iye n'kulandira chakudya china. Ndi chipereganyu chenicheni, ndipo chimachitika pamalo oti nsonga ya singano njaikulu.

Padali ena omwe ankaganiza kuti mwina wophika ululu ndi bakiteriyayo, kandere n'kumangosenza mlandu wa eni. Funsoli lidayankhidwa mu 2018, pomwe asayansi a ku Scripps Institution of Oceanography ku California adapeza majini opangira domoic acid m'thupi la kandere momwemo. (Majini ake si aja amavutitsa anthu mpaka kukavinidwa kwa sing'anga, koma aja amalamula kuti mwana atengere mphuno ya bambo ake.) Choncho mphika ngwa kandere, ndipo wovundula ndi iko komwe. Bakiteriya amangosonkhezera moto. Njala nayo imaikapo dzanja, chifukwa ululu umachuluka zakudya zina zikayamba kusowa m'madzi, makamaka zomangira chigoba chagalasi chija.

Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo mwambiwu timaukonda pa misonkhano ya chitukuko, poumba njerwa za sukulu. Ine ndidali ndisadaumvepo ukunenedwa pa chinthu chopha anthu. Ndikayang'ana mmene timakambira milandu, kaya pabwalo la amfumu, kaya m'nyuzipepala momwe ndimalembamu, ndimaona kuti mtima wathu umakhazikika tikapeza dzina limodzi loti tilitukwane. Wosonkhezera moto amapukuta manja n'kukhala nawo pagulu la oweruza. Koma m'nyanjamo nkhani njopota kuposa apo, chifukwa wosonkhezera motoyo ndi yemwenso amadyetsa kandere vitamini, ndipo pali mabakiteriya ena omwe ntchito yawo n'kupha ndere n'kuthetsa chipwirikiti chonsecho. Mungamumange uti?

Maboma sadadikire yankho la funsolo. Ku Canada, ku America ndi ku Ulaya adaika malire: nyama ya nkhono ikapezeka ndi mamiligalamu 20 a ululuwu pa kilogalamu imodzi, dera lonselo limatsekedwa, palibe kukolola kapena kugulitsa. Mu 2015 madzi a kugombe la kumadzulo kwa America atatentha mopitirira muyeso, nderezi zidaswana kuchokera ku California mpaka ku Alaska, ndipo asodzi a nkhanu ku California adakhala miyezi ingapo mabwato ali pakocheko.

Anthu ali ndi owayezera chakudya. Nyama za m'madzi zilibe. Mu 1998, zinyama zoposa 400 za mtundu wa sea lion zidafa m'gombe la California zitadya tinsomba tangati usipa tomwe tidakhuta nderezi. Zina mwa zopulumuka, madokotala ataziunika m'mutu adapeza hippocampus itafota. Zoterezi zimasambira ndithu, zimadya ndithu, koma zimaiwala pomwe zidapeza chakudya, ndipo zina zimapezeka zili zokhazokha kumtunda, zitasokera njira ya kunyanja.