Chingwe cha m'chitsime cha azakhali

Boholo ya payadi pomwe ndimachita lendi ku Roma inayamba kutsokomola mu Okutobala 2024. Pampu ikulira, koma m'thanki mukungolowa mphepo. A landilodi anati, "Ba ticha, manzi yayenda pansi maningi. Tizakumba ina." Palibe anafunsa kuti madziwo amabwerera bwanji pansipo. Inenso, munthu wophunzitsa jogalafe, ndinangotola zigubu.

Chaka chimenecho mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko. Tonse maso anali ku Kariba chifukwa cha magetsi. Nkhokwe ina imene inkatha inali pansi pa mapazi athu. Mbali yaikulu ya Lusaka ili pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo mvula ikalowa m'menemo imasungika. Pafupifupi theka la madzi a m'mipope yathu limachokera m'maboholo, lina ku Kafue.

Manyazi a zigubu anandituma kwa azakhali anga ku Ng'ombe, kumene kuli chitsime chokumba ndi manja. Ndinamanga nati yachitsulo kuchingwe, n'kumaitsitsa Loweruka lililonse m'mawa asanatunge, mpaka imveke kuti thuvu. Kutalika kwa chingwe ndimalemba m'kope.

"Mwana wa achimwene, masamu a ku UNZA afika m'chitsime?" anandiseka.

Masamu ake ndi ochepa. Madzi sadzaza mwala wonse, amangokhala m'mipata. Tiyerekeze kuti m'dzinja akwera mamita 2, ndipo mipata yotulutsa madzi ndi magawo 2 pa 100 a mwalawo. Ndiye kuti alowa pansi ndi mamilimita 40 chabe, pamene mvula ya Lusaka imakhala pafupifupi mamilimita 800 pachaka. Yotsalayo imauma ndi dzuwa, imamwedwa ndi zomera, kapena imathamangira m'ngalande.

Kwina n'kovuta kuposa kuno. Ku Kalahari, kumene mtsinje wa Okavango umathera mumchenga osafika kunyanja, akatswiri amayerekeza mchere wa m'mvula ndi wa m'madzi a pansi. Madzi akamauma mchere umatsala, choncho a pansi akakhala amchere kwambiri, ndiye kuti olowa ndi ochepa. Kumeneko amapeza mamilimita owerengeka pachaka. Ife tili ndi mwayi, koma tikuutseka ndi simenti.

Payadi pathu ponse ndi mapeva, kuyambira pageti mpaka kukhichini. Mvula ikagwa imatuluka pansi pa geti ngati mlendo wothamangitsidwa, ulendo wa ku Ngwerere. Ku Forest 27, kum'mawa kwa mzinda, kumene nthaka imamwa mvula yambiri, mbali zina zinasanduka mapuloti. Kuyambira 2018 WARMA imafuna kuti boholo iliyonse ilembetsedwe, koma kulembetsa kapu sikudzaza mtsuko.

Ndinapempha a landilodi kuti tichotse mapeva pakona, pomwe pamagwera madzi a padenga, tithirepo miyala. Anati matope adzaipitsa galimoto. Patapita milungu analola kamalo kofanana ndi chitseko.

Sindinganame kuti kamaloko kadzutsa boholo. Koma Loweruka lina ndinachedwa, ndipo ndinapeza azakhali atayeza kale, mfundo itamangidwa pachingwe.

"Akwera chikhatho chimodzi," anatero. "Lemba, usaiwale."